Mpando umene Toza ankasungira mlendo

Mlongo wanga Svetozar tinamuika m'manda mwezi wa Epulo, madzi a mumtsinje wa Begej atadzaza mpaka m'mitengo ya m'mbali. Dzina lalitalilo linali la pa chitupa chabe. Kuno m'tauni yathu ya Zrenjanin aliyense ankangoti Toza wa positi. Pamaliro anthu ankanena kuti anali munthu wa mawu amodzi, ndipo sananame. Koma palibe amene anatchula kuti mawu amodzi omwewo anatsala pang'ono kutsekera mwana wake njira. Nkhaniyo ndiinene ine mchemwali wake wamkulu, poti ndinaiona ndi maso, ndipo mwiniwake sakanaikana.

Toza anayamba kuperekera makalata ali mnyamata, ndipo anasiya tsitsi litayera. Njinga yake ankaidziwa ndi agalu omwe. Anali munthu wosalankhulalankhula. Akakuuza kuti abwera Lachiwiri, kaya kugwe chipale chofewa kaya mphepo ichotse madenga, Lachiwiri umamva belu pageti.

Mkazi wake Slavica anamwalira mwana wawo Dunja ali ku pulayimale. Toza sanakwatirenso. Tikamunena, ankati m'nyumba muli kale mkazi mmodzi wolamula, wachiwiriyo adzakhala pati. Vuto linali loti mwana akaweruka, kunyumba kunalibe munthu. Ndiye tsiku lina anamutengera kumtsinje kwa Gavra, mnzake wa kuubwana, amene ankaphunzitsa ana kupalasa mabwato a mpikisano ku kalabu. Cholinga chinali choti Dunja azikangokhala pa udzu kudikira bambo ake amalize ntchito.

Gavra anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, miyendo ija, manja aja, kenako anatembenukira mnzake.

"Iwe Toza, wamfupi ngati botolo la gasi, mwana uyu unamubereka bwanji?"

"Anatengera amake."

"Bola anatero. Ndipatse ndimuike m'bwato."

Kuyambira pamenepo moyo wa anthu awiriwo unasamukira kumtsinje. M'mawa uliwonse, sukulu ndi ntchito zisanayambe, Dunja ankatsitsira m'madzi kabwato kake kowonda ka munthu mmodzi, ndipo Toza ankamutsatira pa njinga m'kanjira ka pamwamba pa gombe. Sankamulangiza kanthu, poti za bwato sankazidziwa. Ankangoyenda naye. Chifunga chikachuluka moti bwato silikuoneka, ankaliza belu kuti mwana adziwe kuti kumtunda kuli munthu.

Dunja anakula, anayamba kupambana. Mamendulo ankawakoloweka pa msomali wa kukhitchini, pafupi ndi kalendala. Ali ku sekondale, Gavra anabwera kunyumba ndi nkhani ya ku America. Anati kumeneko makoleji ali ndi mabwato awoawo, amapikisana ngati matimu a mpira, ndipo makochi awo amasaka atsikana amphamvu dziko lonse lapansi. Akakukonda, sukulu, chakudya, pogona, zonse amalipira okha, iwe ntchito yako kuwerenga ndi kupalasa. Kuno kwathu mwana akamaliza sekondale amasankha chimodzi, buku kapena bwato, ndipo ambiri amene Gavra anawaphunzitsa anathera ku fakitale ya nthambo za magalimoto, nkhafi zawo zili pa khoma.

Toza anamvetsera zonse. Anayang'ana mwana wake, anaona mmene maso ake akuwalira, n'kufunsa kuti chofunika n'chiyani.

Zofunika zinali zambiri. Zotsatira za kusukulu zimasuliridwe m'Chingerezi. Mwana alembe mayeso a chilankhulocho. Atumize nthawi imene amathera mtunda pa makina oyeserera kupalasa a mu shedi ya kalabu, chifukwa makochi akumeneko amakhulupirira makinawo kuposa mendulo. Ndiponso pafunika vidiyo yomuonetsa ali pamadzi. Pomaliza Gavra anaimika chala n'kunena lamulo limene analibwereza kangapo: makochi amenewa uzilankhula nawo onse, uziwamwetulira onse, ndipo pepala lisanasainidwe usatseke chitseko ngakhale chimodzi.

Vidiyo anati ajambula yekha Toza. Zoyambazo zinali zoseketsa. Munkaoneka mitambo, abakha, chala chake, ndipo munkamveka wefuwefu wa munthu wokwera njinga ndi dzanja limodzi. Tsiku lina anagwera m'zitsamba zoyabwa zija, anabwera kwathu nkhope ili zidzolo zokhazokha, koma foni ili bwinobwino m'mwamba. Kenako anadula mphira wa chubu chakale n'kumangirira foni pa handulo. Pamenepo zinayenda.

Makochi angapo anayankha. Masana Dunja ankakhala kukhitchini ndi kompyuta kumalankhula nawo, Toza ali pakona akusenda mbatata, osamvapo ngakhale liwu limodzi. Anandiuza ulendo wina kuti chimene chinkamupweteka si Chingerezicho ayi. N'chakuti mwana wake akamalankhula ndi anthu amenewo ankaseka kuseka kwina, kumene iye sanakumvepo m'nyumba mwake.

Mmodzi mwa makochiwo anali a Warren, a ku koleji ina yaikulu ya kudera lotentha. Analemba kuti mu Novembala adzakhala akuyendera makalabu a kuno, ndipo akufuna kudzaona Dunja pamadzi. Tsiku limene anafika linagwera pa slava yathu, phwando la chaka ndi chaka lolemekeza woyera amene amateteza banja.

Slava yathu ndi ya Mikayeli mngelo wamkulu. Toza anailandira kwa atate athu monga mwana wamwamuna, ndipo sanaiphonyepo, ngakhale chaka chimene Slavica anamwalira. Pa tsikulo mwini nyumba sakhala pansi kandulo ikuyaka, amaima kutumikira alendo. Ndipo ku slava munthu amaitanidwa kamodzi kokha. Ukangobwera kamodziko, malo ako alipo chaka chilichonse mpaka imfa, ndipo kukukumbutsa n'kukunyoza.

M'mawa umenewo a Warren anaona Dunja akupalasa m'chifunga, ali m'bwato la injini ndi Gavra. Toza sakanalola mlendo wochokera kutali chotero akadye kuhotela pa tsiku ngati limenelo. Mlendoyo anafika kunyumba wansembe atangoyamba kumene mapemphero. A Warren anali munthu wamtali, wa mano oyera, wansangala, ndipo chilichonse chimene waona ankachijambula. Wansembe anadula chizindikiro cha mtanda pansi pa mkate wa slava, anathiramo vinyo, n'kutiitana a pabanja kuti tiuzungulitse m'manja uku iye akuimba. A pabanjawo tinali atatu basi, Toza, Dunja ndi ine. Kale pamkatewo pankakhala manja ambiri moti chala chinkasowa pogwira. Toza anayang'ana mpata umene unalipowo, anatambasula dzanja, n'kugwira dzanja la a Warren n'kuliika pansi pa mkate.

Gavra anakhosomola. Ine ndinangoyang'ana pansi. A Warren anamwetulira n'kuzungulitsa nafe, osadziwa kanthu.

Anadya ngati munthu wakwathu. Kankhumba kootcha anabwereza, sarma, nyama yokulunga m'masamba a kabichi, anafunsa mmene timakulungira, rakiya, kachasu wathu wa zipatso, anamwa mpaka makutu anafiira. Kenako anaimirira ndi tambula m'manja n'kulankhula, Dunja akumasulira.

"Akuti akundifuna m'bwato lawo, atate. Akuti nyumba ino ili ngati kwawo, ndipo sadzaiwala tsiku lino."

Toza anaika mbale imene inali m'manja mwake.

"Uwauze kuti ndawapatsa."

"Atate, ine si nkhumba ya pamsika."

Anthu anaseka, koma Toza sanaseke. "Uwauze, mwanawe."

Chimene Dunja anamasulira sindichidziwa. Koma anthu awiriwo anagwirana chanza, Toza anawapsompsona m'masaya katatu, ndipo kwa iye nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake anauza Dunja kuti alembere makochi ena onse aja, awathokoze bwinobwino, awauze kuti malo anapezeka. Dunja anakana, analira, kenako anathamangira kwa Gavra. Gavra anamupeza Toza akupopa njinga kuseri kwa shedi.

"Mutu wakowo unadzaza masitampu. Munthu uja sabata ino wadya m'nyumba zingati? Dzana anali ku Novi Sad, mawa ali ku Zagreb, ndipo kulikonse akunena kuti kuli ngati kwawo. Ndi ntchito yake imeneyo."

"Kumeneko anagwira mkate?"

"Akanagwira ngakhale mphaka ukanamupatsa."

Toza anapitiriza kupopa. Kenako anati munthu sungamupatse mwana wako pamaso pa kandulo, mawa lake n'kumakamutsatsanso kwa ena ngati mavwende. Anati iye alibe munda, alibe galimoto, chimene ali nacho ndi mawu ake, ndipo ndi chokhacho chimene adzamusiyire Dunja. Gavra anamutukwana mpaka agogo ake, koma sizinathandize.

Dunja analemba. Nayenso mumtima ankakhulupirira pang'ono, poti a Warren anali atamuona ndi maso awo, ndipo koleji yawo inali yoposa zinazo.

Miyezi yoyamba mauthenga ankabwera. Kenako anayamba kubwera mwa apo ndi apo, afupiafupi. M'chilimwe Dunja anapambana mpikisano waukulu kuposa yonse, anatumiza chithunzi, yankho linali mawu awiri. Pambuyo pake zii. Toza ankati munthuyo ndi wotanganidwa, mu Novembala abwera yekha ndi pepala m'manja, chifukwa ndi mwezi umene mapepalawo amasainidwa, ndiponso tsiku akulidziwa. Analetsa Dunja kufunsa za kubwera kwawo. Mlendo wa slava sakumbutsidwa.

Novembala anafika. Anzake a Dunja a m'makalabu ena anayamba kuika zithunzi atavala majuzi a makoleji awo, cholembera m'manja. Dunja anasiya kulankhula patebulo. Ine ndinkaganiza kuti ndi kutopa.

Pa slava Toza anaika mpando wabwino uja, wa nsalu yobiriwira, pafupi ndi windo. Anaikapo mbale, foloko, ndi katambula ka rakiya. Mkate tinazungulitsa atatu, iye akunena kuti mlendo wachedwa ndi chifunga, ndege sizitera bwino. Tsiku lonse anaima. Galimoto ikangomveka mumsewu, ankapita pawindo ndi botolo m'manja ngati akufuna kuthirira wina, n'kusuzumira. Mwana wa aneba anafuna kukhala pampandowo, anamunyamula mwaulemu n'kumuika pena. Gavra, amene sankatha kudya osaseka munthu, tsiku limenelo sanaseke aliyense, ndipo chimenecho chinali chowawa kuposa chipongwe.

Kutayamba kuda alendo anabalalika. Toza anazimitsa kandulo ndi dontho la vinyo monga mwa mwambo. Ine ndinali kutsuka mbale pamene Dunja anayamba kulankhula. Anati a Warren anasiya ntchito ku koleji ija m'chilimwe, anapita kwina, ndipo adiresi yawo yakale ikubweza mauthenga. Anati analembera kochi watsopano mobisa, ndipo anayankhidwa kuti dzina lake sanalimvepo, malo onse anadzaza. Anazidziwa masabata apitawo, koma sanafune kuononga slava.

Toza anakhala chiimire. Anati ndiye afufuze kumene a Warren ali, awalembere, amasule mawu aja, chifukwa mawu omangidwa ndi anthu awiri sathetsedwa ndi mmodzi. Asanamasulidwe, iye sangagogode pa chitseko china.

Dunja sanakweze mawu.

"Atate, munthu uja anaiwala ndi dzina la mtsinje wathu lomwe. Inu mukumusungira mpando. Nanga ine mukundisungira chiyani?"

Toza anayang'ana mpando uja, mbale yoyera, katambula kodzaza. Kenako anakhala pansi koyamba tsiku limenelo, osati pampandowo, koma pa kabokosi ka nkhuni pafupi ndi mbaula.

Masiku otsatira sanalankhule ndi munthu. Sukulu ya Dunja inali kutha mu Juni, ndipo aliyense ankadziwa kuti makoleji ambiri anali atasankha kale. Toza ankapereka makalata, kubwera, kudya chiimire, kugona. Anthu a m'njira yake anandifunsa ngati akudwala, poti belu anasiya kuliza. Kenako Loweruka lina anafika kwathu ndi yunifolomu yake ya positi pamkono.

"Achemwali, ndisitireni iyi. Inu mumatha makolala."

Ndinafunsa ngati kuli maliro. Anati ayi, kuli kupepesa.

Anauza Dunja kuti amene anatseka zitseko zija ndi iye, ndiye nkhope yokagogoda ikhalenso yake. Gavra anati makochi a ku America alibe nazo ntchito za abambo a anthu, amangoyang'ana nthawi ya pa makina, koma foni anagwira ndi iye. Anajambulira pagombe pomwe Toza ankaimika njinga, mphepo ikuwomba, chipewa chili m'manja. Ndinalipo. Toza sanakonzekere, ndipo sanabwereze.

"Ine ndine Svetozar, bambo wa Dunja. Amene anakukanani chaka chatha si mwanayu, ndine. Kwathu kuno mlendo akagwira mkate wa banja timamuyesa wathu, ndipo ine ndinkaganiza kuti dziko lonse lili choncho. Ndinalakwa. Mwanayu sanajombepo pamadzi, ndakhala ndikumutsatira pa njinga iyi kuyambira ali wamng'ono. Ngati muli ndi malo m'bwato, muyang'aneni iye. Ine mundiiwale."

Dunja anachita manyazi, anati atsikana ena satumiza abambo awo. Koma usanathe mlungu analemba mawu a Chingerezi m'munsi mwa vidiyoyo n'kuitumiza kwa onse amene anawakana aja, pamodzi ndi nthawi yake yatsopano.

Ambiri sanayankhe. Ena anayankha mwaulemu kuti pepani, kwadzaza. Nyengo yozizira inali yaitali chaka chimenecho. Madzi anaundana m'mbali mwa mtsinje, mabwato anakwezedwa, ndipo Dunja ankangokoka makina mu shedi mpaka kusanza. Toza ankakhala panja pa benchi, osalowa. Gavra ankamutulutsira khofi, n'kukhala naye pabenchipo.

Chipale chitayamba kusungunuka kunabwera uthenga wa mayi Brandt, a ku koleji yocheperapo ya kumpoto kwa America, kozizira kuposa kuno. Mtsikana wina anali atasintha maganizo, ndiye m'bwato munatsala malo amodzi. Toza analankhula nawo pa kompyuta, Dunja akumasulira. Anali mayi wosaseka, wa tsitsi lalifupi. Ananena poyera kuti sanasankhe Dunja chifukwa cha vidiyo ija, anamusankha chifukwa cha makina, ngakhale vidiyoyo ndi imene inawachititsa kutsegula uthenga. Toza anaimirira, anaika dzanja pachifuwa, anayamba kunena kuti akuwapatsa mawu ake. Mayiwo anamudula. Anati mawu asunge, iwo atumiza pepala, awerenge bwinobwino, akakhutira mwana asaine.

"Mawu sakuwafuna?" Toza anafunsa mwana wake.

"Akuti pepala ndi limene limateteza ine, atate, ngakhale iwo atachoka ntchito mawa."

Toza anagwedeza mutu movomereza. Tsiku losaina anatulutsa cholembera chake cha kuntchito, chimene anthu a m'tauni muno akhala akusainira makalata, n'kumupatsa Dunja.

Ananyamuka mu Ogasiti. Ku bwalo la ndege ku Belgrade anamuperekeza ndi Gavra, Toza anati ali ndi ntchito. Galimoto itayamba kuyenda, anathira madzi pansi kumbuyo kwake, monga timachitira ndi wapaulendo kuti zake ziyende ngati madzi. Koma sanali a pampopi. Anali atakatunga mu Begej m'mawa umenewo ndi botolo. Galimoto itakhota, anakwera njinga. Ku positi sanafikeko tsiku limenelo. Anthu anamuona kugombe.

Ndiye Toza anapeza chimene anapepesera, ndipo chinamusiya yekha m'nyumba. Mamendulo anatsala pa msomali. Ankaphika mphika umodzi n'kumadya masiku atatu. M'mawa ankapitabe kumtsinje, kuyenda kanjira komwe kaja mpaka pa mlatho n'kubwerera, nthawi zina m'mbali mwa ana a eni, nthawi zambiri m'mbali mwa madzi chabe. Chifunga chikagwa ankalizabe belu. Gavra ankauza ana atsopano kuti asaope, ndi wamisala wa kalabu, anabwera ndi shedi.

Mipikisano ya Dunja ankaionera pa foni masana, poti kumeneko kumakhala kuli m'mawa. Tsopano mwana sankapalasanso yekha, anali m'bwato la atsikana asanu ndi atatu, ndipo pa foni onse ankaoneka ngati nyerere. Ine sindinkasiyanitsa. Koma Toza ankaloza ndi chikhadabo n'kunena kuti uyu, taonani phewa lamanzere mmene akulipendeketsera, anayamba ali mwana. Akapambana sankafuula. Ankangopukuta foniyo pamalaya n'kuiika m'thumba.

Dunja ankabwera m'chilimwe, masabata ochepa, mapewa atakula, Chingerezi chikudumphira m'kamwa mosafuna. Koma mu Novembala sanabwerepo, chifukwa sukulu ndi mabwato zimakhala zili mkati. Ndiye mkate tinkazungulitsa awiri, ine ndi Toza, foni ili chotsamira botolo pamalo pa Dunja kuti aone. Ndipo mpando wobiriwira uja unkaikidwabe pawindo, ndi mbale yake, ndi katambula kake. Chaka choyamba Gavra anafunsa kuti kodi misala ija sinathe.

"Munthu uja sanalakwe," anatero Toza. "Sanadziwe chimene anagwira. Ndinamugwiritsa ndine. Mwana ndinamuchotsamo m'mawu aja poti sanali wanga woti ndipereke. Koma mpando ndi wanga."

Palibe anafunsanso. A Warren sanabwere, sanalembe, ndipo ndikhulupirira kuti mpaka lero sadziwa kuti kuli nyumba ina ku Zrenjanin kumene ankawathirira rakiya chaka ndi chaka.

Matenda anamupeza Toza atangopuma ntchito, a m'mapapo. Anamuuza yekha Dunja pa foni, mopepuka, ngati akunena za tayala lophulika. Chinali chaka chomaliza cha Dunja ku koleji, mipikisano itayandikira. Dunja anati akubwera, sukulu idikira. Toza anakana. Anati Dunja anasaina pepala, ndipo mawu ndi mawu ngakhale akhale a papepala, m'bwatomo muli ana a eni asanu ndi awiri amene akumudalira. Anati adzabwere mu Juni ndi satifiketi, adzamupeza. Kameneko ndi kamodzi kokha m'moyo wake kamene ananena tsiku n'kulephera kulisunga.

Dunja anabwera kumaliro, anakhala masiku ochepa, n'kubwerera kukamaliza. Pochoka anatenga chithunzi cha Mikayeli chimene chinali pakhoma ndi choikapo kandulo cha atate athu. Slava imatsata mwana wamwamuna, ndipo anthu ankati ya banja lathu yathera pa Toza. Dunja anati aone amene akamuletse. Atamaliza sukulu anatsala komweko, akuthandiza mayi Brandt kuphunzitsa atsikana atsopano.

Novembala wapitayu anandiimbira. Anati anaphika yekha mkate, unatuluka wopendekera, anakaudalitsitsa kutchalitchi cha anthu akwathu cha m'tauni ina, ndipo anaitana mayi Brandt. Koma asanakhale patebulo anawafotokozera zonse bwinobwino, kuti mukagwira mkatewu ndiye kuti chaka chilichonse mudzabwera, popanda wokukumbutsani. Mayiwo anaganiza kaye, kenako anati sangalonjeze, sadziwa kumene adzakhale zaka zikubwerazi. Dunja anawauza kuti palibe vuto, idyani, imwani, koma mkate musagwire. Ndiye anauzungulitsa yekha, ndi manja awiri. Pondiuza anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunathera panjira.

Tsiku lomwelo ine ndinavala bwino n'kupita kunyumba kwa Toza. Palibe anandiitana, koma palibenso anandiuza kuti ndisiye. Makiyi ndili nawo. Njinga ili m'khonde, mphira uja ukadali pa handulo. Mpando wobiriwira ndinaupeza pomwe anausiya, pawindo. Ndinaupukuta fumbi, ndinaikapo mbale. Kandulo ndinaimika m'tambula, poti choikapo chake chinawoloka nyanja. Miyendo yanga si yabwino masiku ano, koma m'nyumbamo munalibenso wina woti aime, ndiye ndinaima ine mpaka kandulo inafupika.